Ku Chembe Nsima Ilipo, Koma Chambo Chikuthawa M'mbale

Mukachoka pa Mangochi boma, mutatsala pang'ono kulowa Monkey Bay, pali msewu wokhotera kumanzere. Umazungulira m'mapiri makilomita pafupifupi 18 n'kukakutulani pa mchenga wa ku Chembe, kwa T/A Nankumba, kumene azungu amati Cape Maclear. Mudziwu uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980. Maso akaponyedwa panyanja amakagwa pa zilumba za Thumbi ndi Domwe.

Chokulonjerani ndi fungo la usipa pamathandala. M'bandakucha mabwato a chilimira akakocheza, amayi a geni amakhala atafika kale ndi mabeseni awo. Usipa ulipo, utaka ulipo. Koma tafunsani chambo chachikulu, chija chodzaza mbale. Mtengo wake, abale inu, ndi wa alendo a m'maloji basi.

Pamenepa mpamene pagona nkhani. Ku Ukraine ali ndi msuzi wofiira wotchedwa borshch, wa bitiruti, kabichi, mbatatesi ndi nyama. Nyumba iliyonse ili ndi kaphikidwe kake. Mu 2022, nkhondo ndi Russia itabuka, bungwe la UNESCO linaika kaphikidwe ka msuziwu pa mndandanda wa miyambo yofunika kuipulumutsa msanga. Ifenso nsima yathu UNESCO inailemba mu 2017 ngati chikhalidwe cha Amalawi. Zonyaditsa ndithu.

Komatu nsima siyenda yokha. Mlendo akafunsa chakudya cha dziko lino, tonse timayankha kuti nsima ya chambo. Chambocho sichikutha ndi mfuti ayi, chikutha ndi manja athu omwe. Ku nyanja ya Malombe chinayamba kusowa cha m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono. Lero ena akukokera ndi maneti a udzudzu, kukokolola ndi kasawala yemwe, mwana wa chambo. Novembala akafika boma limatseka nyanja kuti chambo chiswane, koma kasawala amapezekabe pa mabenchi a ku Limbe ndi ku Lilongwe.

Msodzi sangamugwire kasawala ngati wogula palibe. Ndiye inu amayi ndi abambo a mumsika, mphamvu ili kwa inu. Mukamuona mudengu, mukaneni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tikapanda kusamala, adzukulu athu adzadya nsima yotchuka dziko lonse lapansi, ndiwo zake bonya.