Nthano za M'kuka ndi Mabuku a Adzukulu Athu

Ana anga, masiku ano makolo ambiri kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi akumafunsa ngati n'koyenera kuti mwana wa kusekondale aziwerenga mabuku a zamatsenga, monga aja a Harry Potter amene J.K. Rowling anayamba kutulutsa mu 1997, momwe muli ana ouluka pa tsache ndi sukulu ya amatsenga. Nkhawa imeneyi sindikuiderera, pakuti kwathu kuno nkhani ya ufiti yadanitsa abale ndipo yathamangitsa nkhalamba zosalakwa m'midzi. Koma lolani ndikukumbutseni momwe ife tinakulira, poti mawu a akulu akoma akagonera.

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, chisanu cha mu Juni chikutsika m'phiri la Ntchisi, tinkathithikana m'kuka mwa agogo aakazi, utsi wa nkhuni za msuku ukutiliza misozi, mbatata zikupsera m'phulusa, fungo la mtedza wokazinga m'phale lili ponseponse. Agogo akati "Padangotero," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse," ndiye kuti tulo tathawa. Ndipo musaganize kuti tinkangomva za Kalulu kupusitsa Njovu. Tinkamva za Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene mvula inamusungunula asanafike pakhomo pa amayi ake, ife misozi ili chuchuchu. Tinkamva za namwali wonyada amene anakana anyamata onse a m'mudzi n'kukwatiwa ndi mlendo wosalala, osadziwa kuti usiku amasanduka fisi. Pobwerera kugowelo tinkagwirana manja, tsamba likagwa tonse liwiro, koma nthano zimenezi sizinasandutse aliyense wa ife mfiti. Tinaphunziramo kumvera, kusathamangira ukwati ndiponso kuchitira chifundo amasiye.

Mabuku athu oyamba nawonso sankabisa zoipa za m'dziko. Nthondo, buku la Samuel Nthara wa konkuno ku Dowa lomwe linatuluka mu 1933, likutionetsa mnyamata wakuba ndi wosamva asanasinthe mtima. Mu Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe muli nsanje yofika pokhetsa magazi, ndi mbalame yoimba yosalola kuti mlandu ubisike. Aphunzitsi a ku Mvera ndi ku Kongwe, anthu oopa Mulungu, ankatipatsa mabuku otere osaopa kanthu, podziwa kuti mwana amene sanamvepo za choipa m'nthano amadzakumana nacho m'moyo ali chimanjamanja.

Chimene chasintha, ana anga, ndi ichi: kale nthano inkabwera ndi mwini wake. Agogo ankaona nkhope zathu pa kuwala kwa moto, ankadziwa yoyenera tiana ndi yodikira osinkhuka, ankafewetsa poopsa wamng'ono akayamba kunjenjemera, ndipo pomaliza ankafunsa kuti tatolapo chiyani. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mantha athu ankazimira pamiyendo pawo. Lero mdzukulu wanga amawerenga yekha pa foni m'bulangeti, wopanda womufunsa kapena womutonthoza, ndipo zimenezi ndi zomwe zimandimvetsa chisoni kuposa matsenga a m'bukumo.

Choncho kholo lisathamangire kulanda buku, pakuti choletsedwa popanda chifukwa mwana amakachiwerengera kuseri. Safunsa anadya phula: mufunseni akusimbireni nkhaniyo madzulo mukusenda nyemba, ndipo mumve ngati wankhanza akutamandidwa kapena akulangidwa, ngati muli zolaula zosayenera msinkhu wake, ngati mwanayo akusiyanitsa zopeka ndi zenizeni. Muonenso msinkhu, chifukwa Harry ali ndi zaka 11 m'buku loyamba, koma m'lachisanu ndi chiwiri la mu 2007 wafika zaka 17 ndipo nkhondo ndi maliro zachuluka. Loyambalo mwana wa Sitandade 8 angaliwerenge, pomwe omalizirawo ndi bwino adikire wa Fomu 3 kapena 4. Mukapeza kuti muli ubwenzi wokhulupirika, kulimba mtima ndi choipa chogonja, msiyeni awerenge, ndipo m'mawa mwake mumufunse kuti yafika pati.

M'mera mpoyamba. Ife amene tidakali ndi nthano m'mutu tisapite nazo kumanda. Tiwasimbire adzukulu za Kamdothi ndi mkamwini fisi uja, ndipo inu amene munapita kusukulu muzilembe m'Chichewa chokoma, kuti mwana wa ku Mponela kapena ku Malomo akamafuna nkhani zodabwitsa azipezanso za kwawo.