Chikomekome cha Mkuyu

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu umayenerana ndi duwa lija lofiira ndi lachikasu ngati malawi a moto, limene limachanua m'thengo mvula ikakhazikika, m'Disembala ndi m'Januwale. Akatswiri a zomera amalitcha Gloriosa superba, ndipo ndilo duwa la fuko la Zimbabwe. Ku Ulaya anasankhapo mtundu wa maluwa akuluakulu wotchedwa Rothschildiana, umene amagulitsa m'masitolo.

Kwa Chamama, kumene thengo lambiri linasanduka minda ya fodya, agogo ena amalibzala kuseri kwa chigafa. Masamba akauma, amafukula muzu wake mosamala popeza suchedwa kuthyoka, naukwirira chogoneka m'dothi losasunga madzi. Kenaka amazika timitengo, pakuti duwali limakwera pogwira ndi nsonga za masamba.

Komatu muzuwo uli ndi chiphe chakupha munthu. N'chifukwa chake agogowo sabzala duwali pafupi ndi mbatata, ndipo mdzukulu aliyense amayamba amuonetsa muzu asanamuonetse duwa. Mwana wodziwa kukongola kokha angatafune imfa, pamene wongoopsezedwa angazule mbewu yonse. Woyenera kusiyiridwa duwali ndi amene wadziwa zonse ziwiri.