NYUMBA YA KU MATERO

Tinanyamuka ku Chipata tambala woyamba asanalire. Pa Katete tinadutsa kukali mdima, ndipo pofika pa mlatho wa Luangwa, paja pogulitsa nsomba zouma ndi madengu, dzuwa linali litakwera ndithu. Ulendo wa makilomita oposa 550 ngwolemetsa kwa ife a msinkhu uno, koma amene anatiitana ndi amai akulu, mkulu wao wa amai athu, ndipo mau a munthu wotere sakanidwa. Nkhani inali ya nyumba yao ya ku Matero.

Kwa inu amene simunafikeko, Matero ndi komboni yakale ya mu Lusaka, imene inamangidwira anchito acikuda m'masiku a atsamunda. Tinyumba tace tinali tofanana ngati ana a mimba imodzi, koma lero mwini ali yense anaonjezera monga mwa thumba lace. Kuseri kwa nyumba ya amai akulu kuli tizipinda titatu ta lendi, ndiponso mtengo wa mango umene malemu amuna ao anabzala. Zaka zambiri banjali linali kulipira lendi ku khonsolo, kufikira mu 1996 pamene boma la a Chiluba linagulitsa nyumba zotere kwa okhalamo pa mtengo wotsika. Pa nthawiyo bambo anali atatisiya kale, cotero pepala la umwini linatuluka m'dzina la amai akulu.

Tsopano zaka zao zapitirira 80. Amene amawasambitsa ndi kuwaperekeza ku cipatala ndi mwana wao wamkazi, citsirizira, wokhala nao pamodzi ndi mwamuna wace. Ana aamuna awiri ali ku Kitwe ndi ku Kabwe. Titapumula pang'ono anatiuza cakukhosi: "Mwanangu, ndifuna dzina la mlongo wanuyu lilowe pa pepala ndikali ndi maso."

Mantha ao ngomveka. Lamulo la mu 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo limapereka nyumba kwa ana onse pamodzi, ndi kwa mkazi kapena mwamuna wotsala ngati alipo. Silifunsa kuti ndani anacapa zofunda za wodwala. Ndipo nyumba ya anthu atatu, tonse taona, sicedwa kugulitsidwa. Kumudzi sitidziwa bvuto ili. Malo ali m'manja mwa mfumu, lamulo lija silikhudza malo acikhalidwe, ndipo nyumba ya dothi imatha pamodzi ndi mwini wace. M'tauni cimalankhula ndi pepala.

Komabe usiku umenewo, titakhala pansi pa mango paja, tinaona kuti maganizo a amai akulu ali ndi minga yace. Dzina likasintha lero, nyumba yacoka m'manja mwao yonse, ndi lendi ya tizipinda tija imene amagulira mankhwala. Mwana angathe kuigulitsa, angathenso kuiika cikole pa ngongole. Mlongo wathuyu ndi munthu wabwino, sitimkayika ai. Koma imfa siyang'ana kuti woyamba kubadwa ndani. Iye atatsogola, lamulo lomwe lija lingapereke nyumbayo kwa mwamuna wace ndi ana ace. Kwathu kwa Acewa mkamwini ndiye mlendo pa mudzi wa mkazi. Pano apongozi ndiwo akadasanduka alendo a mkamwini, m'nyumba imene anagula ndi ndalama za tomato wa pa msika. Tinanena zimenezi mkamwini ali pomwepo, ndipo tiyamika kuti sanakwiye. Anangoti, "Apongozi, zimenezi n'zoona, ngakhale abale anga sindingawalumbirire."

Njira ina ndiyo wilo. Imalembedwa, mwini n'kusaina pamaso pa mboni ziwiri zosapindula nayo, ndipo angaisinthe pamene afuna. Nyumba imakhalabe yao kufikira tsiku lomariza. Amai akulu anayamba akana, poti kulemba wilo n'kudziitanira maliro, ndipo panapita masiku awiri asanabvomere kuonana ndi loya. Ife tinaumirira cinthu cimodzi cokha: ana aamuna amve nkhaniyi m'kamwa mwa mai wao, asadzaimve pa maliro.

Anabwera Loweruka. Wa ku Kabwe anabvomera msanga, nati mlongo wace wagwira nchito imene iye sakadaitha. Wamkulu anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anakumbutsa kuti malata a tizipinda ta lendi anagula ndi iye. Zinalidi zoona, ndipo amai akulu analonjeza kuti zimenezo zilembedwanso. Iye sanayankhe, ndipo anabwerera ku Kitwe tsiku lomwelo osalawa nsima.

Lolemba m'mamawa mlongo wathu anatiperekeza kokwerera basi ndi thumba la mango. Pofika pa Nyimba tinamuimbira lamya kufunsa ngati acimwene anena kanthu. Anati ai, koma atumiza ndalama za mankhwala monga mwa masiku onse.