Msewu wa ku Lujeri sunama

Kuchokera ku Limbe, kudzera ku Thyolo mpaka pa Chitakale, msewu wa M2 ndi watala, ndipo Prado iliyonse imaoneka yabwinobwino. Zoona zake zimadziwika mukakhotera m'misewu yafumbi ya m'minda ya tiyi, monga wopita ku Lujeri, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Mukafika apa, zimitsani wailesi, mutchere khutu kumbuyo kwa galimoto.

Kukamamveka gubudu-gubudu pa kabampu kalikonse, kawirikawiri amakhala mabushi otha. Galimoto ikamadumphabe mutalidutsa kale dzenje, mashoko afooka; mukasuzumira pansi, mwina muwapeza akuchucha oilo. Ikamapendekera mbali imodzi itaima posalala, sipuling'i yatopa kapena yathyoka. Nanga kumbuyo kukamaponya pokhota? Apo ndiye musazengereze.

Kuno mvula imagwa yambiri, ndipo namondwe Freddy mu 2023 adakokolola misewu ndi milatho. Potsetsereka, pamatope ofiira, mutanyamula ana ndi katundu, mashoko otha amalepheretsa matayala kugwira bwino pansi, moti mukaponda buleki galimoto imachedwa kuima.

Choncho yambani mwaonana ndi makaniko pa Chitakale. Sapitwa, ndi mamita ake 3,002, sathawa, mukamupeza.