Maluwa a chikande m'mphepete mwa migodi ya ku Bindura

Msewu wochoka ku Harare kupita ku Bindura ndi wa makilomita pafupifupi 90. Umadutsa pa damu la Mazowe, kulambalala minda ya malalanje, kupyola Glendale, kenaka n'kulowa m'chigwa chozingidwa ndi mapiri amiyala. Tawuniyi, yomwe ndi likulu la chigawo cha Mashonaland Central, inabadwa chifukwa cha golide. Poyamba inkadziwika ndi dzina la mgodi wa Kimberley Reefs, ndipo inayamba kutchedwa Bindura m'chaka cha 1913 njanji itafika. Chipadze ndi imodzi mwa malokeshoni ake aakulu: nyumba zothithikana, bwalo la mpira, misika ya tomato ndi kaunjika, ndi timinda tachimanga paliponse pamene khasu lingalowe.

Mlendo wochokera ku Dedza kapena ku Chipata sasowa wolankhula naye kuno. Pakati pa Chishona amamva mawu akwawo, ndipo pamakomo ena amapezapo a Phiri, a Banda ndi a Mwale. Awa ndi ana ndi adzukulu a anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ena pa ulendo wa Mthandizi, ena wapansi kudzera ku Tete. Gule wamkulu, amene eni dziko amati zvigure, akadavinidwabe m'madera a migodi a chigawochi. Moyo wa mabanjawa wakhala ukukwera ndi kutsika limodzi ndi migodi. Mgodi wa nickel wa Trojan unaima m'chaka cha 2008, unadzatsekulidwanso patapita zaka zingapo, koma pofika 2024 kampani yake inali m'mavuto aakulu moti boma linaiika m'manja mwa woyang'anira wapadera. Ntchito ikasowa, anyamata amatenga mafosholo kukafuna golide m'mitsinje ndi m'madambo, ntchito imene kuno amati chikorokoza.

M'madambo ndi m'nkhalango zoterezi ndi mmene mumamera maluwa amene akatswiri a zomera amawatcha orchid. Dzinali lisatiopse. Ndi banja lomwe lija la chikande, chimene ku Zambia amati chikanda ndipo kumpoto kwa Malawi amati chinaka. Ambiri a ife timachidziwa chili m'mbale, chitasinjidwa n'kuphikidwa ndi nsinjiro ndi chidulo mpaka kulimba ngati nyama. Duwa lake ndi ochepa amene analiyang'anapo mofatsa.

Woyenda kunja kwa Chipadze m'chilimwe, mitengo itayoyola masamba, akweze maso m'mphanda za mitengo ikuluikulu. Mwina aona chitsamba chonga mtolo wa nzimbe zazifupi chitakhala pamwamba, mizu yake yoyera itasongoka kuloza kumwamba ngati dengu. Chimenecho ndi Ansellia africana. Maluwa ake ndi achikasu, amawangamawanga ngati chikopa cha kambuku. Anthu ena amachiyesa chomera choyamwa mtengo ndipo amachigwetsa, koma sichiyamwa kanthu; mtengowo chimangoukhalira, ndipo dengu la mizu lija limakola masamba ofota amene amawola n'kukhala chakudya chake. Mvula yoyamba ikayandikira, cha mu Okutobala ndi Novembala, pamalo opserera pamatuluka mitundu ya Eulophia, ina yachikasu, ina yofiirira ngati duwa la mbatata, phesi lili njo popanda tsamba. Mvula ikakhazikika, m'madambo mumaphuka Habenaria, wa maluwa obiriwira kapena oyera amene munthu angawapondereze osawaona.

Kujambula maluwawa kuli ndi mwambo wake, ndipo sikulira kamera yodula. Foni yam'manja ikwanira. Dzuwa la masana limawalitsa duwa mopitirira mpaka mawanga ake kufufutika, choncho nthawi yabwino ndi m'mawa mame asanakamuke, pamenenso mphepo imakhala isanayambe kugwedeza phesi. Wojambula agwade, mwinanso agone chafufumimba, kuti kamera ikhale pa msinkhu wa duwa. Chithunzi chojambulidwa munthu ali chilili chimangoonetsa udzu. Chitenje chakuda chikagwiridwa patali pang'ono kumbuyo kwa duwa chimabisa ziyangoyango zonse, duwa n'kutsala lokha ngati nyali. Pepala loyera likaikidwa chapansi limabweza kuwala kulowa m'kati mwa duwa. Ndipo amene angaime moti dzuwa likhale kuseri kwa duwalo adzaona timitsempha take tonse tikuonekera.

Ine ndimakonda zithunzi zosabisa malo. Duwa la Eulophia lili patsogolo, mulu wa dothi la mgodi ukuoneka mwachizimezime kumbuyo: chithunzi chotere chimanena za Bindura kuposa duwa loyandama pa nsalu yakuda, ngakhale kuti lachiwirilo ndi limene anthu amakonda kupachika pakhoma.

Koma kwa alangizi ndi alimi, chithunzi chili ndi ntchito ina yoposa kukongola. Timbatata ta chikande tikafika pamsika timafanana kwambiri, moti ngakhale katswiri amavutika kunena mtundu wake. Duwa ndi limene limaulula dzina. Pa maluwa onse a banjali pali kachigawo kamodzi kosiyana ndi tinzake, kooneka ngati mlomo, pamene tizilombo timatera, ndipo mitundu yambiri ili ndi kamchira kosunga timadzi totsekemera. Chithunzi chothandiza chionetse mlomowo chakutsogolo, kamchirako cham'mbali, kenaka chomera chonse ndi masamba ake, bokosi la machesi lili pambali kuti kukula kwake kudziwike. Tsiku ndi malo zilembedwe m'kope. Gulu la alimi likachita zimenezi zaka zitatu kapena zinayi pa dambo limodzi, limakhala ndi umboni wakuti maluwa akuchuluka kapena akutha, umboni woti n'kuuonetsa kwa amfumu kapena kwa khansala pokambirana za malo okumba ndi nthawi yotentha tchire.

Chifukwa chodera nkhawa chilipo. Njere za maluwawa ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo zilibe chakudya chakechake. Kuti zimere zimadalira mtundu wina wa nkhungu ya m'nthaka, ya banja la bowa. Dothi likatembenuzidwa ndi fosholo ya wofuna golide, kapena dambo likaphwetsedwa kuti pakhale dimba, ubale umenewu umaduka, ndipo kubzala mitengo pambuyo pake sikuubwezeretsa msanga. N'chifukwa chakenso chomera chozulidwa kutchire kawirikawiri chimafera m'chitini pakhonde.

Kwathu vuto lalikulu ndi msika. Kafukufuku amene anafalitsidwa m'chaka cha 2003 anapeza kuti timbatata pakati pa 2 miliyoni ndi 4 miliyoni tinkachoka kumapiri a kummwera kwa Tanzania chaka chilichonse kupita ku Zambia. Zimenezi zinathandiza kuti boma la Tanzania likhazikitse malo otetezedwa a Kitulo m'chaka cha 2005, makamaka pofuna kusamala maluwa. Mitundu imene imakumbidwa kwambiri ndi Disa, Satyrium ndi Habenaria, yomwe imapezekanso ku Nyika, kumene kuli mitundu ya orchid yoposa 200. Dziko lonse la Malawi lili ndi mitundu yoposa 400. Okumba ambiri ndi amayi ndi ana a m'mabanja osauka, ndipo kuwadzudzula kuchokera mu ofesi n'kosavuta. Chothandiza n'kugwirizana nawo kuti dambo lizipumula zaka zina, ndiponso kuti asamakumbe njere zisanakhwime n'kumwazika.

Ku Zimbabwe chikande si ndiwo yofala, choncho chimene chimasakidwa kwambiri ndi mitundu yomera m'mitengo ngati Ansellia, yomwe ena amaifuna yokongoletsa pakhomo, ena yamankhwala. Malamulo a dzikolo oteteza zachilengedwe amaletsa kuthyola kapena kugulitsa mitundu yomera m'mitengo popanda chilolezo, ndipo pangano la mayiko la CITES limafuna zikalata pa orchid aliyense wodutsa malire. Wobwerera kumudzi pa basi ya ku Nyamapanda ndi Mwanza asayese kulongedza chomera m'chikwama.

Apa wojambula ayeneranso kusamala. Mafoni ambiri amalemba okha malo enieni pamene chithunzi chajambulidwa, ndipo mawu olembedwa pansi pa chithunzi pa Facebook kapena WhatsApp akhoza kulondolera wogula mpaka pa tsinde la mtengo. Ndi bwino kuzimitsa mbali imeneyi ya foni musanatumize chithunzi, n'kungotchula boma kapena dera. Dzina la dambo ndi la mtengo zitsale m'kope la gulu, limene mlembi amasunga.