Ntchito Sigulidwa pa Chipata

Ntchito yathu yeniyeni ndi yophunzitsa ana ku madrasa kuno ku Ndirande. Koma poti nafenso tidachokera kunyanja, makolo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota akamatumiza ana awo ku Blantyre amangowauza kuti, "Mukafikire kwa a Mwalimu." Chomwecho tidapezeka tasenza ntchito yachiwiri yopanda malipiro: kulemba makalata ofunsira ntchito, kufunsa kwa anzathu kumene kukufunika munthu, ndi kuperekeza anyamata kwa amisiri.

Makolo ambiri akadali ndi chithunzi cha Ndirande yakale, pamene fakitale ya nsalu ya David Whitehead inkameza anthu zikwizikwi m'mawa uliwonse. Boma lidagulitsa fakitaleyo mu 2003. Lero mnyamata akalawirira ku Makata kapena ku Ginnery Corner amapeza anzake ali kale pachipata, ambiri a iwo satifiketi ya MSCE ili m'manja.

Chaka chatha kudabwera mnyamata wina wa ku Makanjira, maso ali ofiira. Bambo ake adagulitsa ukonde kuti alipire munthu wina amene adalonjeza kumulowetsa ntchito pa kampani ina. Munthuyo atalandira ndalama, foni yake idasiya kugwira. Mnyamatayo adati, "A Mwalimu, kumudzi sindingabwerere. Bola ndipite ku Joni." Tidadziwa kuti ulendo umenewo udya ukonde wachiwiri.

Pamenepo ifenso tidalakwitsa. Tidathamangira kumulembera makalata 6 ofunsira ukalaliki, koma palibe ndi imodzi yomwe idayankhidwa. Patatha mwezi m'pamene tidamufunsa funso loyenera kuyambira: "Kodi manja akowa amadziwa chiyani?" Adayankha mwamanyazi kuti kuyambira ali mwana ankakonza injini za maboti pamodzi ndi amalume ake. Kwa iye imeneyo sidali ntchito, poti idalibe pepala. Zoonadi safunsa adadya phula, ndipo wodya phula tsiku limenelo tidali ife.

Tidamutengera kwa mmisiri wina wokonza njinga zamoto za kabaza ku Bangwe. Mmisiriyo sadafunse satifiketi. Adangomupatsa sipanala ndi injini yokana kulira, ndipo dzuwa lisanapendeke idalira. Lero mnyamatayo amalipira yekha lendi, ndipo akusunga ndalama zoti akaphunzire mokwanira kudzera ku TEVETA, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'sukulu monga Soche Technical College. Ukonde uja sadaubweze, koma wayamba kutumiza kangachepe kumudzi.

Abale ndi alongo a kunyanja, mwana asanakwere basi muonetsetse kuti watenga chiphaso cha unzika, masatifiketi ake, ndi kalata ya umboni yochokera kwa munthu amene adamuona akugwira ntchito, ngakhale ndi mwini boti. Mudziwenso nyumba imene akafikire. Ndipo wina akakuuzani kuti mutsogoze ndalama kuti mwana alembedwe, ukonde wanu musaukhudze. Olemba ntchito enieni ndi amene amalipira wantchito.

Koposa zonse, khalani naye pansi mumufunse zimene manja ake amadziwa. Ife tidataya mwezi wathunthu chifukwa chosafunsa.