Kalata yochokera ku Leeds: mutu wa agogo ndi chikhodzodzo chawo

Kusokonezeka mutu kwa nkhalamba kuli mitundu iwiri, ndipo banja la wolemba kalatayi ku Soche lakhala likuisakaniza pa nkhani ya agogo. Kwina kumayamba pang'onopang'ono n'kutenga zaka, pomwe kwina kumabwera m'masiku awiri okha.

Kwapang'onopang'onoko nthawi zambiri kumakhala matenda amene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anawafotokoza mu 1906 atapima ubongo wa mayi wina womwalira. Anapezamo zibuma ndi tiulusi topotana. Zibumazo ndi puloteni yotchedwa amyloid, imene George Glenner ndi Caine Wong anaizindikira mu 1984, ndipo tiulusito ndi puloteni ina, tau. Zonsezi thupi limapanga lokha. Zimasanduka poizoni zikapindika molakwika n'kuyamba kumatirirana, ndipo maselo a ubongo amafa, kuyambira mbali yosunga zatsopano. N'chifukwa chake agogo amaimba nyimbo za Mvano osaphonya mawu, koma amafunsa kanayi ngati adya. Mankhwala ochiza kulibe. Lecanemab, amene America inawavomereza mu 2023, amangochedwetsako matendawa, ndipo mtengo wake mdzukulu wosambitsa okalamba ku England sangaukwanitse.

Zimene zinachitika mwezi wathawu, agogo kubwebweta usiku ndi kuona anthu pakhoma, n'zamtundu wachiwiri. Nkhalamba ikasintha mwadzidzidzi chonchi, achipatala amakayikira malungo, chibayo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kapena tizilombo ta m'njira ya mkodzo. Chikhodzodzo chili ndi chitetezo chake. Kukodza kumatsuka njirayo. Impso zimatulutsa puloteni imene Igor Tamm ndi Frank Horsfall anaifotokoza mu 1950, yotchedwa uromodulin, yomwe imakola tizilombo tisanagwire khoma, n'kutuluka nato. Tikagwira, khomalo limasupula maselo ake apamwamba kuti atayike pamodzi ndi adaniwo. Mwa mayi wokalamba zonsezi zimafooka: mkodzo umatsalira, madzi amaiwala kumwa, ndipo chitenje chonyowa chikachedwa kusinthidwa, E. coli wochokera m'matumbo amakwera mosavuta. Kachilomboka nako kamaluka ulusi wa mtundu wa amyloid, wotchedwa curli, kuti kakakamire bwino. Matthew Chapman ndi Scott Hultgren anaonetsa zimenezi ku St Louis mu 2002.

Matenda a mkodzowa amachizika, koma osati ndi bakitirimu wa pa okala. Kafukufuku wa Malawi-Liverpool-Wellcome pa chipatala cha Queens, amene Patrick Musicha ndi anzake anasindikiza mu 2017, anaonetsa kuti E. coli wopezeka m'magazi amene samva mankhwala amphamvu ngati ceftriaxone anachoka pa osakwana 1 mwa 100 mu 2003 kufika pa 30 mwa 100 mu 2016. Kumwa mapilitsi atatu n'kusiya kumangolimbitsa tizilomboto.

Wolemba kalatayi sanaphunzire izi m'kalasi. Anaziona m'nyumba yosungira okalamba, pa mashifiti a usiku a maola 12, akusintha matewera a anthu amene ena mwa iwo amamulavulira n'kumuuza kuti abwerere kwawo. Sawasungira chakukhosi, popeza ubongo wawo ukudwala ngati wa agogo. Chimene chimamupweteka n'chakuti manja omwewo sanathe kusambitsa mtembo wa agogo aamuna. Amathokoza azakhali amene agona pansi pafupi ndi agogo chaka chonsechi, ndiponso mlamu amene amatunga madzi mipope ikauma. Koma foni yake imalira pa 25 pa mwezi pokha, ndipo palibe amene amafunsa ngati wagona. Ndalama ya malata imene anatumiza sanaifunse. Ya mu Epulo, imene inapita kwa mneneri kuti akatulutse ufiti mwa mayi amene analera banja lonse, imeneyo akuifunsa. Amalume akumbukire kuti mu Januwale 2016 ku Neno nkhalamba zinayi zinaphedwa chifukwa cha mawu omwewo a ufiti. Wolembayu ndi mwana wa pakhomopo, si banki.

Ndalama ya mwezi uno yapita kwa azakhali. Ndi ya galimoto yopita kuchipatala, kupimitsa mkodzo ndi magazi, sopo, ndi zitenje zinayi zosinthira. Agogo azipatsidwa madzi ngakhale asanapemphe, ndipo mankhwala akaperekedwa amalizidwe onse.